Kona Imene a Nzunga Anasiya Yosatseka

Pa mwambo wovundukula chiliza cha alamu anga, a Wedisoni Nzunga, mkulu wina wa mpingo anaimirira n'kunena kuti malemuwa anali munthu wofatsa, wodekha, wosakonda zolongolola. Ine ndinachita kudziluma mlomo. Wofatsa ndani? A Nzunga omwewa? Koma abale, chaka chimodzi chokha chapita, anthu ayamba kale kuwasita ngati malaya a kutchalitchi. Ndiye ndati ndinene ine amene ndinakalamba ndikukangana nawo, asanawafafaniziretu.

Ine ndine mng'ono wa malemu akazi awo. Ndimagulitsa kachewere pa Lizulu, ndipo nyumba yanga ndi yawo zimayang'anizana. Akulu anga atamwalira, mwana wawo mmodzi yekhayo, Tadala, tinalera awiri: ine kumudyetsa ndi kumuchapira, iwo kumusokoneza mutu ndi mafunso. Za ine zikwane pomwepo.

A Nzunga sankadziwa kukhala pansi. Tiyi ankamwa ali chilili, ndipo akamwa theka ankasiya kapu pomwe ganizo lawapezera, kaya pa windo, kaya pa mpanda, tsiku lina pa chishalo cha njinga. Akulu anga ankachita kuzungulira bwalo lonse kutolera makapu. Kutchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko, kuti ulaliki ukatalika atuluke, azungulire kachisi kamodzi, n'kubwerera pamalo pawo ngati palibe chachitika. Ukawadandaulira ankangoti mutu wawo suganiza miyendo ikaima. M'thumba la jekete simunkasowa choko, ndipo ankalemba paliponse pamene papezeka posalala. Tebulo langa la kumsika analidzaza manambala ataliatali, mpaka kasitomala wina wochokera tsidya la Mozambique anayesa kuti ndi mitengo ya kachewere, n'kupita kukagula kwa mnzanga. Tsiku limenelo ndinawathamangitsa ndi tsache.

Anali mphunzitsi wa fizikisi kusekondale, ndipo mbiri yawo yoyamba inali ya lezala. Mabuku a masamu ndi fizikisi amabwera ndi mayankho kumapeto. Iwo mabuku atsopano akangofika pasukulu, ankatenga lezala, n'kudula masamba onse a mayankho, n'kukawotcha kuseri kwa makalasi. Ahedi anakwiya koopsa, akuti munthu sangamadule katundu wa boma ngati akudula fodya. Makolo nawonso anabwera kudzafunsa kuti ana awo adziwa bwanji ngati akhoza. A Nzunga sanapepese ngakhale pang'ono. Ankati mwana akangoona yankho, sawerengeranso kuti apeze choona, amawerengera kuti akafike pamene waonapo. Akalakwitsa m'njira koma n'kufika pomwepo, amadzikhululukira. Ankati maso akaona, dzanja limayamba kunama lokha, mwini wake osadziwa n'komwe.

Mkangano umenewo ndi umene unawasamutsira kusukulu ina kumunsi ku Bwanje, kotentha kuja, kupitirira Sharpevale. Anthu ankayesa kuti akakhazikika ndi kutenthako. Aaa, kuti? Lachisanu lililonse ankapalasa njinga kukwera mapiri onse aja kubwera kuno, atanyamula kathumba ka mpunga, ndipo Lamulungu masana ankatsikanso. Lezala anapita nayo.

Tadala naye sanapulumuke. Ndikukumbukira akulira pa mkeka, buku lili pamiyendo, kumapeto kwake kulibe masamba. Ndinawauza kuti, “Alamu, mwanayu mumupha ndi samu imodzi. Ingomuuzani ngati wakhoza.”

“Adzifunse yekha,” anatero, akuyendayenda pabwalo. “Ayese njira ina. Njira ziwiri zikagwirizana, safunikanso ine.”

“Nanga zikapanda kugwirizana?”

“Ndiye wapeza ntchito ya mawa.”

Ndinamutenga mwanayo kukamupatsa mbatata yootcha kwanga. Atamaliza kudya anabwerera yekha ku bukulo, ine ndikumuletsa.

Funso lawo lalikulu linali limodzi, ndipo ndinalimva kambirimbiri moti ndikhoza kuliphunzitsa. Ankati chilichonse chimene timachigwira, kachewere, mwala, munthu, chinapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso. Kachidutswa kalikonse kali ndi kanzake kolemera chimodzimodzi koma ka mphamvu ya magetsi yotembenuka, ndipo tinzake totembenukato ndi timene amatitcha antimata. Tiwiriti tikakumana timathana, n'kusanduka kuwala basi. Tsono pachiyambi penipeni, ankatero, mbali ziwirizi zinayenera kubadwa zofanana kuchuluka. Zikanakhaladi zofanana, zikanathana zonse, psiti, osatsala ngakhale fumbi. Koma ife tilipo. Mbali imodzi inachulukirako pang'ono, pang'ono penipeni, ndipo kotsalako ndi kamene kanapanga nyenyezi, mapiri, msika wa Lizulu ndi ine ndi tsache langa. Chimene chinakondera mbali imodziyo n'chiyani?

Ine ndinkati, “Alamu, si Mulungu nanga?” Iwo ankayankha kuti Mulungu sakumukana, koma akufuna adziwe kuti anagwiritsa chida chanji. Abusa ena ankaseka nazo, ena ankawayang'ana cham'mbali.

Tinakangana zambiri, koma mkangano umene unandipweteka ndi wa bambo awo. Bambo a a Nzunga anapita ku Joni ndi mng'ono wawo, n'kukagwira mumgodi umodzi, shifiti imodzi. Thanthwe litagwa, mkulu anatuluka, mng'ono anatsala pansi. Mkuluyo anabwerera kuno ndi chifuwa, ndipo mpaka kufa kwake ankangofunsa kuti bwanji amene anatsala ndi moyo ndi iye. Tsiku lina alamu akundilalikira za tizidutswa tawo, ndinangoti, “Funso lanuli si la bambo anu lomwe lija? Awiri ofanana, wina n'kutsala?” Iii, ndinaputa mavu. Anafiira maso, n'kunena kuti fizikisi si maliro, ndipo ndisamasakanize zinthu zimene sindikuzidziwa. Anakhala masiku osandipatsa moni. Kenaka anatulukira m'mawa wina kudzapempha mchere, osapepesa, osatchulanso nkhaniyo. Mpaka lero ndimati ndinalasa, koma iwo sanavomerepo.

Tadala anatengera bambo ake mutu, koma miyendo anatengera mayi ake, amatha kukhala malo amodzi tsiku lonse osatekeseka. Anaphunzira kuno, kenaka ku Joni, kenaka ku Ulaya, kumene kuli chimakina chachikulu pansi pa nthaka chowombanitsa tizidutswa. A Nzunga ankanyadira monyinyirika, akuti banja lino lili ndi matenda okonda pansi pa nthaka.

Ntchito ya mwanayo anandifotokozera iwo, ine ndikusankha kachewere. Mwa tizidutswa tija muli tina totchedwa makwaki, ta mitundu isanu ndi umodzi, ndipo timatha kusanduka kuchoka mtundu wina kupita mtundu wina. Akatswiri ali ndi chiphunzitso chofotokoza kusandukaku, ndipo mkati mwake muli kukondera pang'ono pakati pa kachidutswa ndi kanzake kotembenuka. Tadala ndi anzake ankayang'ana kachidutswa kena kotchedwa B, kamene kamangokhala kanthawi kochepetsetsa n'kusweka. Ankawerenga kuti B wasweka kangati mwa njira yakutiyakuti, ndiponso kuti kanzake kotembenuka kasweka kangati mwa njira yofanana nayo. Kusiyana kwa mawerengero awiriwo kumapereka kukula kwa kona imodzi pa chojambula cha makona atatu. Chiphunzitso chija chikakhala chokwanira, makona atatuwo ayenera kutseka bwinobwino, n'kukwana madigiri 180 monga amaphunzirira ana kusukulu. Akapanda kutseka, ndiye kuti kuli chinthu china chimene anthu sanachidziwe.

A Nzunga ankafuna ndi mtima wonse kuti asatseke. Ankati kukondera kumene kuli m'chiphunzitsocho n'kochepa zedi, sikungafotokoze zonse zatsalazi, ndiye payenera kukhala mpata penapake. Anajambula makona atatuwo ndi choko pakhoma la khonde lawo, aakulu ngati chitseko, koma pa kona ya Tadala anasiya mizere iwiri yosakumana, mpata wokwana chikhatho. Mvula ikafufuta ankajambulanso. Odutsa mumsewu anayamba kuwatcha a Makona, ndipo iwo ankayankha.

Tadala anawauzanso chinthu china chimene chinawasangalatsa kuposa zonse. Akuti kumeneko munthu saloledwa kuona yankho la muyeso wake ntchito isanathe. Kompyuta imalibisa posakaniza ndi nambala yachinsinsi, kuti woyezayo ayambe wakonza ndi kuyesa njira zake zonse asakudziwa kumene zikulowera. Akamaliza, gulu lonse likavomereza, m'pamene amachotsa chobisacho. Iwo amati kutsegula bokosi. Alamu atamva zimenezi anavina ngoma pabwalo, mkulu wopuma ntchito, fumbi koboo. “Nawonso amadula ndi lezala!” ankafuula. Anakwera minibasi kukawapeza ahedi aja, amene nawonso anali atapuma kalekale, kungoti akawauze zimenezo. Anabwera atakhumudwa chifukwa ahediwo anali ataiwala nkhani yonse.

Ndikanadziwa kuti bokosi limenelo lidzatitembenukira, sindikanaseka nawo tsiku lija.

Matenda anayamba ndi kutsamwa. Ankati chakudya chikuima pachifuwa, n'kumakankhira ndi madzi. Anakana kupita kuchipatala mpaka phala lenilenilo litayamba kuvuta. Kumeneko anati ndi khansa ya kummero, ndipo yapita patali. Anafunsa adokotala kuti kwatsala nthawi yotani, ndipo atayankhidwa mozungulira anawauza kuti munthu wa sayansi sazungulira. Ndiye adokotalawo anawauza: miyezi yochepa, mwina osafika n'komwe.

Munthu uja anayamba kusungunuka. Miyendo imene inkakwera mapiri a ku Bwanje inakana kuwafikitsa ngakhale pa msika. Tinawaikira mpando pakhonde, pansi pa chojambula chija, ndipo m'pamene ndinawaona atakhala pansi koyamba. Koma kukhala kwake kotani? Chidendene chakumanja chinkangogunda pansi, gu gu gu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ndinkachimva ndili kwanga.

Nthawi yomweyo muyeso wa Tadala unali pafupi kutha. Ntchito ya zaka zambiri, kutsala pang'ono, koma bokosi linayenera kutsegulidwa patapita miyezi ina, gulu lake likamaliza kuunika. A Nzunga anawerengera okha n'kuona kuti miyezi yawo ndi miyezi ya bokosi sizikumana.

Ndinalipo pamene anamuimbira foni. Poyamba anafunsa mwaulemu, kenaka mawu anakwera.

“Iwe Tadala, nambalayo ilipo kapena palibe?”

Foni inali pa sipika. “Ilipo, ababa, koma ndi yobisika. Inenso sindinaione.”

“Sungathe kuiona?”

Tadala anati, “Kutha ndingathe. Koma sitiloledwa.”

“Ndani sakulola? Ndinakuphunzitsa ndekha kugwira pensulo, lero ukundibisira nambala? Ndifunse mzungu kuti ndione ntchito ya mwana wanga?”

“Ababa, si mzungu. Ndi lezala yanu ija.”

Anadula foni okha. Kenaka anatembenukira kukhoma. Ine mtima unandiwawa kwambiri. Nditafika kwanga ndinamuimbiranso mwanayo, ndipo sindinamunyengerere. Ndinamuuza kuti bambo ake akutha, kuti malamulo a kuntchito adzawapeza koma bambo sadzawapezanso, ndipo abwere ndi bokosi lakelo adzalitsegulire pakhonde pano. Anangoti, “Ndamva, amayi.”

Anafika m'nyengo yozizira, nkhungu itakuta Lizulu yense. Ataona bambo ake anaima pageti, chikwama chili paphewa, osatha kusuntha. Tsiku lotsatira masana, dzuwa litatulukako, anatenga kampando n'kukhala pafupi nawo, laputopu ili pamiyendo. Ine ndinakhala pa sitepe ndikusenda nyemba.

“Ababa, ndabwera nayo,” anatero. “Ndikalemba mizere ingapo apa, nambala ituluka. Kuntchito sindinauze munthu.”

Chidendene chija chinaima. Anaweramira kutsogolo, maso ali pa galasi la laputopu.

“Wamaliza zoyesa zako zonse?”

“Zatsala ziwiri.”

“Zazikulu?”

“Imodzi ndi yaing'ono. Inayo ikhoza kusuntha yankho.”

“Kusunthira kuti?”

“Sindikudziwa. Zitengera mmene ndisankhire njira yochotsera zosokoneza.”

“Usankha ndiwe?”

“Ndine.”

Alamu anatsamira kumbuyo pa mpando. Ine ndinati, “Alamu, mwanayu wachoka kutali. Onani chinthucho mtima ukhale pansi.” Sanandiyang'ane n'komwe.

“Tadala, ukudziwa yankho limene ine ndikulifuna?”

“Ndikulidziwa, ababa. Mukufuna asatseke.”

“Ndiye ukaiona nambalayo lero, ine n'kufa mawa, ukabwerera kukasankha njira yako ija, udzasankha ngati munthu amene sanaone?”

Mwanayo anaweramitsa mutu. Misozi inkangotsika, zala zili pa mabatani.

Alamu anatambasula dzanja, dzanja lowonda ngati la mwana, n'kutseka laputopu ija pang'onopang'ono mpaka inalira kuti tepu. Kenaka analira. Sindinawaonepo akulira, ngakhale pa maliro a akulu anga anangoyendayenda kuseri kwa nyumba. Tsiku limenelo analira mokweza, ngati munthu wolandidwa.

Ine ndinapsa mtima. Ndinataya nyemba m'lichero n'kuwauza kuti ndi munthu wouma mutu amene sindinamuonepo, kuti avutitsa mwana kuwoloka nyanja pachabe, kuti nambala si Mulungu. Anandisiya ndilankhule mpaka nditatopa. Atapukuta m'maso anati, “Alamu, bwerani pafupi.”

Ndinasendera.

“Chotsani chinthuchi panyumba pano. Mukachibise kumene ine sindingafike. Mawa ndidzachipemphanso, ndikudzidziwa. Ndidzakutukwanani. Musadzandimvere.”

“Mukundisenzetsa chiyani ine?”

“Ndinu nokha amene simunandimverepo chibadwire. Ntchito imeneyi ndi yanu.”

Ndinaikulunga m'chitenje laputopu ija, n'kukailowetsa pakati pa matumba a kachewere m'kanyumba kanga kosungira katundu kumsika.

Amene amati a Nzunga anali wodekha akanabwera m'mawa mwake. Ndisanafike n'komwe pakhonde anali atayamba kale. Anati dzulo analankhula ali ndi malungo. Anati angofuna kudziwa ngati nambalayo ili kumtunda kapena kumunsi, basi, osati yonse. Anati Tadala ayang'ane kumbali, aone iwo okha. Nditakana anandinena kuti ndine wouma mtima, mfiti, mayi wa pa msika wosadziwa kanthu koma kuwerenga ndowa. Mkuja mwake anasintha, anayamba kundinyengerera, kunditchula ndi mfunda wanga, kundikumbutsa mmene anandiperekezera kuchipatala pa njinga ndili ndi pakati. Zimenezo ndi zimene zinandipweteka kuposa kutukwana.

Tadala naye anafooka. Anandipeza kukhitchini n'kunena kuti, “Amayi, ibweretseni. Sindingathe kuwamva akupempha chonchi. Za kuntchito ndikaziona.”

Ndinamufunsa kuti, “Ndimvere bambo ako ati, a lero kapena a tsiku lija?”

“Onse ndi bambo anga.”

“Eya. Koma amene anandituma ndi a tsiku lija, ndipo ananeneratu za a lerowa.”

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa, n'kutuluka. Masiku amenewo ndinkapita kumsika mtima uli m'mwamba. Ndinkalowa m'kanyumba kaja, n'kupisa dzanja pakati pa matumba, n'kukhudza chitenjecho. Kangapo ndinachisolola ndithu, n'kuchibwezeranso. Achibale ena atamva anati ndikuzunza wodwala. Anene. Ine ndinatumidwa, koma musandifunse ngati chakudya chinkalowa.

Chimene chinatipulumutsa ndi choko. Tsiku lina ndikubwera kumsika ndinapeza Tadala atagwada pa simenti ya khonde akulemba, bambo ake akuloza ndi ndodo. Anali atamulamula kuti, popeza yankho akumanidwa, awafotokozere choyesa chachikulu chija kuyambira pachiyambi. Khonde lonse linadzaza manambala mpaka pa sitepe. Ankamutsutsa, ankamuuza kuti wadumpha mzere, iye n'kumawayankha kuti sanadumphe, iwo ndi amene sakumva. Mawu awo anali atatsala a manong'onong'o, koma ankakangana nawobe. Zambiri zimene mwanayo ankalemba zinali zitawapitirira, ndipo anavomera okha, akuti fizikisi ya kusekondale yathera pa mzere wachitatu. Komabe anamuumiriza kuti njira yake aisankhe pomwepo, pa simentipo, anene zifukwa zake, ndipo alonjeze kuti sadzaisintha bokosi likadzatsegulidwa. Analonjeza. Kupempha kuja sikunatheretu, kunkabwerabe makamaka ululu ukakula, koma kunachepa.

Anatisiya m'mawa wina kunja kukuzizira. Dzulo lake ndinawabweretsera madzi ofunda oti anyowetse milomo. Anandikodola kuti ndiwerame, ndipo ndinayesa kuti apempha komaliza. Ndinali nditatsimikiza mumtima kuti akapempha ulendo uno ndithamangira kumsika.

“Alamu,” ananong'ona, “muichotse pakati pa matumba paja. Kachewere amatuluka thukuta. Muwonongetsa katundu wa anthu.”

Ankadziwa! Masiku onse aja akundinena ufiti ankadziwa pamene ndinaibisa, ndipo pakhomo pawo sipankatha anthu odzawazonda oti akanawatuma. Sanatume ndi mmodzi yemwe.

“Munthu woipa inu,” ndinatero. Anayesa kuseka, koma chifuwa chinawaletsa.

Bokosi linatsegulidwa patapita miyezi, Tadala atabwerera ku Ulaya. Anandiimbira ndili pa msika, magalimoto akulira. Anati nambala yatuluka, ndipo ikugwirizana ndi chiphunzitso chija. Makona akuoneka kuti akutseka, kupatula kachikaiko kochepa kamene muyeso uliwonse umatsala nako.

Ndinakhala pa thumba. “Ndiye bambo ako anafera kudikira yankho limene sankalifuna n'komwe?”

“Inde, amayi.”

“Zonse zija pachabe?”

“Ayi. Nambala imeneyi ndikuikhulupirira. Ndikanaiona tsiku lija, ndikanapita kukasankha njira ndikudziwa kuti ababa anafa atakhumudwa. Sindikudziwa kuti dzanja langa likanachita chiyani.”

Ndinamuuza kuti ndili ndi makasitomala, n'kudula. Kunalibe kasitomala aliyense. Ndinakwiyira alamu, ndinakwiyira mwanayo, ndinakwiyira tizidutswa tosaoneka timene tinadya mtendere wa nyumba ija. Mkwiyo umenewo sunandithere wonse, ndisaname.

Titachoka kumanda tsiku la chiliza, anthu akudya, ndinamuona Tadala akulowera kukhonde yekha. Ndinamutsatira. Anapisa m'thumba la jekete la bambo ake, limene likadali pa msomali kuseri kwa chitseko, n'kutulutsa kachoko. Anaima kutsogolo kwa makona atatu aja, amene mvula yapitayo inawasiya akuonekabe mozimiririka. Ndinayesa kuti atseka kona ija, ndipo ndinafuna kumugwira dzanja. Koma anangotalikitsa mizere iwiri ija pang'ono, uku ndi uku, n'kuima isanakumane. Mpata wa chikhatho unatsala wa chala chimodzi.

“Tafika apa,” anatero. “Kotsalako sitinayeze.”

Wabwerera ku ntchito yake. Nyumba ija ndi yotseka tsopano, kiyi ali kwa ine. M'mawa uliwonse ndikatuluka kwanga maso amayamba kugwera pakhonde lija. Mpando uli pomwe unali, wayang'ana kumsewu. Manambala a pa simenti anafufutika ndi mapazi a anthu a pa maliro, koma kutsogolo kwa mpando, chakumanja, pali malo otuwa pamene chidendene chinadya polishi wofiira, ndipo ndikakolopa ndimapalambalala. Pa windo pali kapu imene ndinaipeza kuseri kwa mpanda mvula itagwetsa udzu, kaya anaisiya chaka chiti. Kulibe chogunda, kulibe woyendayenda, khonde lili zii, ndipo ine amene ndinkadandaula phokoso ndimalephera kukhalapo ngakhale kanthawi.

Mvula yayandikira, ndipo khoma lija limalowa mphepo ya kum'mawa. Choko chotsala chili m'jekete. Ikafufuta ndidzajambulanso ndekha, mizere yokhota ya mayi wa pa msika, ndipo pa kona ija ndidzaika chala changa pakhoma kuti choko chisadutse.